Sopo Wometera wa Agogo Mbewe

Agogo Mbewe akandibwerera m'maganizo, chimatsogola ndi fungo la sopo wawo wometera, fungo lozizira bwino lokhala ngati la mandimu, likulimbana ndi utsi wa mbaula za anthu a ku Mgona ndi kafungo ka fodya kochokera kumafakitale a ku Kanengo kamene kankatilowa m'zovala, m'mabulangete ngakhale m'madzi akumwa. Ndimawaona atakhala pampando wachitsulo wopanda chotsamira pakhonde pa nyumba yathu ya zidina, lamba wachikopa atamukoleka pamsomali wa pachitseko, akuyendetsa lumo lawo lopinda uku ndi uku, lamba akulira kuti shwa, shwa, pomwe azimayi a nyumba zoyandikana akukangana pamzere wa zidebe kumpopi. Anali bambo awo a bambo anga. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mwana mmodzi yekha m'nyumbamo, ndipo dzina langa lakuti Tamanda ankalitchula mokoka ngati akuitana munthu wa kutsidya kwa msewu, ngakhale ndili pamphuno pawo.

Agogo anali wometa wa kale. Ntchitoyo anaiphunzira ali mnyamata kwa Mmwenye wina cha ku Bwalo la Njobvu, kenako anameta anthu zaka zambirimbiri pansi pa mtengo pafupi ndi msika waukulu, ndipo akayamba kutchula makalaliki, aphunzitsi ndi madalaivala amene anawagwirapo chibwano, tiyi ankazizira. Chinawachotsa pansi pa mtengopo si ukalamba ayi. Kunabwera anyamata a makina amagetsi ndi mawailesi awo aphokoso, kenako kunabwera matenda aja amene sitinkawatchula dzina, anthu n'kuyamba kuopa lumo limodzi loyenda pankhope zambiri. Sindingawanene, maliro anali a tsiku ndi tsiku. Agogo anayesa kumawiritsa lumolo m'kachitini anthu akuona, koma munthu akaopa waopa basi. Agogo aakazi atamwalira anapinda lumo lawo n'kubwera kudzakhala nafe, ndipo nkhope zimene zinawatsalira zinali ziwiri zokha, yawo ndi ya mwana wawo.

Pa nkhani ya sopo anali munthu wovuta, ndinene zoona, wamwano ndithu. "Anthu amaopa lumo, koma amene amacheka munthu ndi sopo," ankatero, ndipo ukaseka ankakukhazika pansi kuti uone ndi maso ako. Ankatenga kachidutswa ka sopo wochapira wobiriwira uja wa paokala n'kumupukusa ndi burashi yawo ya ubweya wofewa: thovu lake linkatuluka la maso akuluakulu, lophulikaphulika, ndipo asanamalize n'komwe kufotokoza linali litauma kale pamkono pawo, khungu litachita mbuu. Sopo wosambira wonunkhira ankati ngwafungo lokha, ntchito alibe. Tsiku lina mnzawo wa bambo anabwera kuchokera ku Joni ndi chitini chopopera thovu, akuchinyadira ngati wabweretsa galimoto. Agogo anapopera pang'ono pachikhatho, anaomba m'manja kamodzi, thovu lonse n'kutha. "Mwalipira mphepo, achimwene," anatero, mlendoyo n'kubweza chitini chake m'chikwama.

Sopo weniweni ankakhala m'kapu yachitsulo ya chivindikiro, pamwamba pa khoma pomwe malata amakumana ndi zidina. Anali woyera, wouma gwa, koma burashi ikaviikidwa m'madzi ofunda n'kuzungulira pamwamba pake, pankatuluka thovu lothinana, lolemera, lonyezimira, loti ukaliika pachala n'kuchizondotsa silinkagwa. Muyeso wawo unali umodzi: ankapaka thovu pakhungu n'kuimba ndime imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi mosathamanga, ndipo likakhala lidakali lonyowa ndimeyo itatha, ndiye kuti lumo lingadutse. Sankapaka nkhope yonse nthawi imodzi monga amachitira ena. Ankayamba tsaya limodzi, kulimeta n'kulimaliza, kenako n'kubwerera kukapu kukatenga thovu la tsaya linalo, ati mphepo ya ku Lilongwe njakuba, imamwa madzi a thovu wometa akuyang'ana kumbali.

Bambo anga, a Lakisoni, ankagwira ntchito ya sizoni pafakitale ina ya fodya ku Kanengo, kunyamula mabelo. Lamulungu lililonse tisanapite kutchalitchi ankakhala pampando wachitsulo uja, chimunthu cha mapewa chotero, n'kutseka maso, khosi lonse atalipereka kwa nkhalamba yogwira lumo. Ine ndinkakhala pansi ndikuonerera, ndipo thovu likatsala paburashi agogo ankandidontheza pamphuno n'kundiuza kuti ndevu zanga zachedwa kumera. Masiku amenewo m'nyumba mwathu tinkaseka kwambiri, ndipo ndinkaganiza kuti ndi momwe nyumba zonse zimakhalira.

Ntchito ya sizoni ili ndi khalidwe lake. Fodya akatha nonse mumabwerera kwanu, akayambanso mumakaunjikana pageti m'mawa, kapitawo n'kumayenda pamzere akuloza ndi cholembera: iwe, iwe, iwe. Panalibe mayeso ena koma maso ake. Bambo ankalozedwa chaka chilichonse asanaime n'komwe bwino.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 5 anayamba ndi mashingozi, kenako chifuwa chosatha, kenako kutsegula m'mimba, mpaka sizoni inatha iwo ali pamphasa. Mapewa aja anapita. Kumaso kunatuluka tiziwengo tambirimbiri, tina ta timitu toyera, ndevu n'kumamera mothothokathothoka pakati pake. Tsiku lina atapezako mphamvu anapita okha kubabashopu ya pamsewu, ndipo mnyamata wa pamenepo atawayang'ana kamodzi anati, "Pepani madala, magetsi azima," wailesi ikuimba kumbuyo kwake. Anabwerera kunyumba, anafotokoza zimenezi mwachidule, n'kugona atayang'ana kukhoma.

Tsiku lomwelo agogo anatsitsa kapu ija n'kuyang'ana sopo amene anatsalamo, wokhuthala ngati zala ziwiri zogundana. Sitolo imene ankamugulako inali italeka kale kumuitanitsa poti ogula panalibe, ndipo ngakhale akanapezeka, ife tinkadya za tomato amene amayi ankagulitsa pamsewu.

"Uyu sindimukhudzanso," anatero, akukweza mawu kuti wogonayo amve. "Ndi wa tsiku limene Lakisoni adzabwerere kugeti. Khungu lake lija, ndi sopo wina aliyense lingang'ambike. Koma ndi uyu ndidzamutulutsa m'nyumba muno ali mnyamata, kapitawo adzachita kufunsa kuti kodi kutchuthiko amadya chiyani."

Bambo anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Kuyambira pamenepo agogo sanametenso ndevu zawo. Munthu amene moyo wake wonse sanagonepo ndi chiputu pachibwano anasiya ndevu zoyera zikule, mpaka ana a pamzere wathu anayamba kuwatcha mneneri.

Tsopano ndinene za ine, poti ndi pamene pagona nkhani. Kunyumba tinkasamba sopo wochapira yemwe uja, masiku ena madzi okha. Kusukulu mtsikana wina amene tinkakhala moyandikana pansi m'kalasi anasuntha tsiku lina, atagwira mphuno, n'kunena mokweza kuti ndikununkha matenda a kwathu. Kalasi yonse inaseka. Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Masana ake, agogo atapita kuchipatala kukatenga mankhwala a bambo, ndinakwera pampando n'kutsitsa kapu ija. Ndinkangofuna kununkhiza. Koma nditaipendeketsa, sopo anatuluka yense wathunthu ngati chigumu chochoka m'mbale, ndipo nzeru yoipa siichedwa kubwera: ndinapala pang'ono kunsi kwake ndi supuni, n'kumubwezera momwe analili. Pamwamba panalibe chosintha.

M'mawa mwake ndinakulunga tinyenyeswa timeneto m'pepala, n'kukasamba nato kumaso, m'khosi ndi m'khwapa pampopi wa kuseri kwa sukulu, kuti kunyumba asamve fungo. Tsiku limenelo palibe amene anasuntha. Mtsikana uja anachita kufunsa kuti mafuta amenewa tagula kuti, ine n'kumuyankha monyada kuti ndi ochokera kunja. Ndinapalanso, n'kupalanso. Sopo atayamba kutsika m'kapu, ndinkafewetsa wobiriwira uja m'madzi n'kumumata kunsi kuti msinkhu ukhale womwewo. Pamene miyezi itatu inkatha, sopo wa agogo anali atatsala kachikopa kopyapyala pamwamba, kunsi konse kuli wochapira.

Mwana amaba, zimenezo n'zodziwika. Koma chimene chimandidya mpaka lero n'chakuti ndinkadziwa bwino lomwe kuti sopoyo ndi wa chiyani, ndipo ndinkaba ndi mtima wokhazikika chifukwa ndinali nditagamula kale ndekha kuti tsiku la kugeti silidzafika. Ndinali nditaona abambo a anzanga atagona chimodzimodzi, ndipo ndinkadziwa kumene msewu umenewo umathera. Agogo ankasunga sopo podikira kuti mwana wawo adzuke, ine ndinkamupala podziwa kuti bambo anga afa.

Koma bambo anadzuka. Mvula itayamba kuchepa mankhwala a chifuwa anagwira, anayamba kumaliza phala, kenako kuyenda mpaka pamsewu n'kubwerera osapumira panjira. Amayi anayambanso kuimba akamatsuka mbale. Ndiye Lachisanu lina kunamveka kuti Lolemba kugeti akulemba anthu. Aliyense m'nyumbamo ankadziwa zimene zinali kuseri kwa geti limenelo: lendi, ufa, komanso mankhwala otalikitsa moyo aja, amene nthawi imeneyo anali ogula ndipo ife tinkangowamvera kwa anthu. Masiku atatu amenewo ndinayenda mtima uli m'mwamba. Kawiri konse ndinaima pamaso pa agogo pakamwa nditatsegula, iwo n'kundituma kukagula makala, ine n'kupita.

Lolemba tinadzuka kum'mawa kukungofiira. Amayi anali kuseri kwa nyumba akusita shati yoyera ya bambo ndi nsimbi ya makala, ine ndinapatsidwa ntchito yogwira beseni la madzi ofunda. Bambo anakhala pampando wachitsulo uja, mutu atautsamiritsa kukhoma, maso atatseka. Agogo anawafunditsa kansalu kotentha kumaso kuti ndevu zifewe, ananola lumo nthawi yaitali kuposa masiku onse, kenako anavundukula kapu.

Tsaya loyamba linayenda ngati kale. Thovu linatuluka loyera, lolemera, fungo lake n'kudzaza khonde lonse, ndipo agogo anaimba ndime yawo chapansipansi, bambo akuvomera ndi kukhosi. Lumo linkatsetsereka mopepuka, likuzungulira kachiwengo kalikonse, zala za agogo zikukoka khungu pang'onopang'ono, osatuluka ngakhale kadontho ka magazi. Atapukuta, ndinaona theka la bambo anga akale, owonda inde, koma munthu woti kapitawo angathe kumuloza. Ndinayamba kupemphera chamumtima kuti kachikopa kaja kakwanire.

Burashi itabwerera m'kapu inazungulira kawiri, kachitatu n'kuboola. Ndinaona ubweya wake ukusanduka wobiriwira. Dzanja la agogo linaima. Anasendeza kapu kumphuno, kenako anandiyang'ana, osati mokwiya, kungondiyang'ana basi. Ndinadikira kuti aitane amayi. M'malo mwake anatembenuza kapuyo kuti kukamwa kwake kuloze kwa iwo okha.

"Ababa, mwaima bwanji? Nthawi ikutha," anatero bambo, maso ali chitsekere.

"Ndikupumitsa dzanja. Khala phee."

Panalibe pothawira. Munthu sangapite kugeti tsaya limodzi lili losalala, linalo lili tchire, ndipo anthu anali atayamba kale kudutsa pamsewu ulendo wa ku Kanengo, mapazi awo tikuwamva. Sopo wina m'nyumbamo munalibe. Agogo anandinong'oneza kuti ndibweretse mafuta ophikira. M'botolo munali timadontho, anatipaka patsayapo, anaviikanso kansalu m'madzi otentha, n'kupukusa sopo wobiriwira uja ndi mphamvu zawo zonse. Thovu linatuluka lomwe lija la maso akuluakulu. Nthawi ino sanaimbe.

"Zikuwawa, Ababa," anatero bambo akuyesa kumwetulira. "Sopo wanuyu wakalamba ngati eni ake."

"Sopo alibe mlandu, mwanawe. Dzanja ndi limene lakalamba."

Ankapaka kachigawo kakang'ono n'kumeta msangamsanga thovu lisanaume, koma sopo wochapira analowa m'tiziwengo tija n'kutitupitsa, khungu linauma n'kuyamba kugwira lumo. Ndinamva kulira kwake kukusintha, kuchoka pa kutsetsereka kufika pa kukhwekhwereza. Kachiwengo koyamba kanadulidwa mutu pafupi ndi khutu, kachiwiri pansi pa mlomo, kenako pachibwano lumo linadumpha n'kusiya mzere wautali ngati chala changa. Magazi a bambo masiku amenewo sankachedwa kutuluka ndipo sankafulumira kuleka. Agogo ankawapukuta ndi chala chosavala kanthu, magazi omwe aja amene Mgona yense ankawaopa, akupsinja, akupukuta. Anang'amba pepala m'kope langa la masamu n'kumata tizidutswa pamabala onse. Ndinatiwerenga, tinali tisanu ndi tiwiri.

Amayi atatulukira ndi shati m'manja anaima chilili.

"Mayo ine! Apongozi, mwawatani bambo a Tamanda?"

"Dzanja lanjenjemera, mayi. Ndakalamba, mundikhululukire."

Kapu anali ataivindikira kale n'kuiika m'thumba la jekete lawo. Bambo anadziyang'ana pakagalasi kathu kong'aluka nthawi yaitali, kenako anavala shati. Kolala inadetsedwa asanamange batani lomaliza. Ndinawaona pokhota msewu akuchotsa timapepala tija, akugwira patsaya ndi mpango.

Kusukulu sindinapite. Bambo anabwerera dzuwa lili paliwombo, shati ili madonthomadontho, tsaya lamanzere litatupa, mabala atachita nkhanambo zakuda. Anakhala pakhonde, anavula nsapato mosamala n'kuziika pamodzi. Anati kapitawo anafika pa iwo, anawatchula dzina, anawayang'ana kumaso n'kunena kuti, "A Mbewe, kapezeni kaye bwino, sizoni ya mawa tidzaona," cholembera n'kulumphira kwa wotsatira. Sanalire, sanadandaule. Anangopempha madzi akumwa n'kulowa m'nyumba, ndipo sindikumbukira kuti anadzafikanso pamsewu ndi miyendo yawo.

Ndakula tsopano, ndipo ndikudziwa zimene munthu wanzeru angandiuze: kuti kapitawo anaona khosi lowonda ndi shati yolendewera, kuti ngakhale akanametedwa ndi mngelo akanawadumpha basi. Ndadziuza zimenezi kambirimbiri. Koma tsaya loyamba lija ndinaliona ndi maso anga, ndipo palibe amene angandilumbirire kuti likanakhala ndi linzake cholembera chija sichikanaima.

Amayi anasowa pokwiyira. Matenda sungawatukwane, kapitawo sankamudziwa, Mulungu ankamuopa, ndiye anatsala agogo. Ulemu wa pachipongozi sunkawalola kuwanena pamaso, choncho ankauza mapoto, nkhuku za eni, kapena ine. "Anthu ena ukalamba amaukana, mpaka kuphera nawo mwana wawo yemwe," ankatero akukwecha poto, agogo ali pakhonde pomwepo akumva. Mbale ya agogo inayamba kufika mochedwa, ndiwo zili pansi penipeni, ndipo iwo ankalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Ndi iwo amene ankatembenuza bambo pamphasa, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala ndi supuni yomwe ija, ndi kukataya zotaya anthu akuwasuzumira m'mawindo. Kwa ine sanasinthe mawu, ankandiitanabe mokoka, ndipo kusasintha kumeneko kunkandipweteka kuposa chikwapu. Ndinkadikira tsiku limene adzatope n'kutulutsa kapu ija pamaso pa amayi, koma kapuyo sindinaionenso.

Bambo anatisiya m'nyengo yozizira chaka chomwecho, ndipo tinakawaika kumudzi ku Dowa. Patapita masiku abale anasonkhana pamwambo wa kumeta, pamene ofedwa amachotsa tsitsi potsanzikana ndi maliro. Mmodzi mwa akuluakulu ananena mosaganiza kuti wometa tili naye kale, a Mbewe atulutse lumo lawo. Amayi anali atakhala pamphasa mutu uli pansi, koma mawu awo anamveka mpaka kunkhokwe.

"Lumo limenelo lisandikhudze ine, lisakhudzenso mwana wanga. Latikwana."

Agogo anadzuka pang'onopang'ono n'kupita kuseri kwa khola la mbuzi. Tinametedwa ndi mayi wina wa m'mudzimo, ndi lezala ndi madzi okha.

Atangondimaliza ndinawatsatira agogo, mutu ukuzizira. Ndinawapeza atakhala pachitsa, ndevu zija zitafika pachifuwa, manja ali pamaondo. Ndinagwada, mawu n'kutuluka onse pamodzi ndi misozi ndi mamina.

"Agogo, sopo uja ndinapala ndine. Ndikukawauza amayi pompano."

Anandigwira pamkono mwamphamvu moti zinandipweteka.

"Ukawauze kuti zitani? Lakisoni adzuka?"

"Koma akunena inu, pomwe wolakwa ndine."

"Tamvera, Tamanda. Mayi ako atsala ndi chinthu chimodzi padziko pano, ndiwe. Ukawauza adzakudyetsa ndithu, kusukulu adzakutumiza, koma nthawi iliyonse akakuyang'ana azidzaona tsaya lija. Ine ndine nkhalamba, ndikutsala konkuno. Kudana ndi ine sikuwalanda kanthu. Asiye adane nane."

"Mpaka liti, agogo?"

"Mpaka udzawaike m'manda. Ndilonjeze."

Ndinalonjeza. Sanandiuze kuti andikhululukira, ndipo ine sindinafunse. Anangondisisita pamutu pometedwapo, n'kunena kuti mayi uja wandimeta moipa, wasiya mizere.

Tinabwerera ku Lilongwe awiri, ine ndi amayi. Agogo anatsala kumudzi, ndipo patatha zaka ziwiri kunabwera uthenga kuti atsamira mkono. Amayi anati sangasiye tomato aole. Sitinapite, ndipo manda awo mpaka lero sindikuwadziwa pomwe ali.

Panopa amayi ndi okalamba, ndimakhala nawo kwanga ku Area 25. Anandilera ndi chikondi chonse, anandiphunzitsa ndi tomato yemwe uja mpaka ndinapeza ntchito, ndipo sanandiyang'anepo ndi diso loipa ngakhale tsiku limodzi. Ana anga amakonda kuwapempha nkhani za agogo awo aamuna amene sanawaone, ndipo nkhaniyo ngakhale iyambire kuti imakathera pamodzimodzi: Lolemba lija, ndi nkhalamba yamakani ija imene inakana kuvomereza kuti dzanja latha. Ana anga munthu ameneyo amamudziwa monga amene anapha bambo anga. Amayi akamaliza kufotokoza amatembenukira kwa ine, poti mboni imene inatsala ndine ndekha.

"Kodi ndikunama, Tamanda? Sunaone wekha?"

Ndipo ine, mayi wa ana atatu, wopita kutchalitchi Lamulungu lililonse, ndimayang'ana pansi n'kuyankha momwe ndinalonjezera.

"Simukunama, amayi. Dzanja lawo linkanjenjemera."